George Washington Carver, Bwenzi la Alimi Osauka

George Washington Carver adabadwa cha m'ma 1864 pafupi ndi mudzi wa Diamond, m'chigawo cha Missouri, ku America. Masiku amenewo anthu akuda ambiri m'dzikolo adali akapolo. Mayi ake, dzina lawo Mary, adali kapolo wa mlimi wachizungu wotchedwa Moses Carver. George akali wakhanda, achifwamba adabwera usiku naba mayiwo pamodzi ndi mwana wawo. Mwanayo adapezeka, koma mayi ake sadaonekenso. Ukapolo utatha m'chaka cha 1865, Moses ndi mkazi wake Susan adalera George ndi mbale wake James.

George adali mwana wodwaladwala, motero sankagwira ntchito zolemetsa za kumunda. Ankathandiza Susan pakhomo, ndipo akapeza mpata ankapita kuthengo kukayang'anitsitsa zomera. Adadziwa kusamalira maluwa ofota mpaka kutsitsimuka, kotero kuti anansi ankamutcha sing'anga wa zomera.

Sukulu ya kwawo sinkalandira ana akuda. Chifukwa cha ichi George adachoka pakhomo akali mnyamata, napita ku Neosho kumene kudali sukulu ya ana akuda. Kuyambira pamenepo adayendayenda m'matauni ambiri, akuchapa zovala za anthu ndi kuphika kuti apeze chakudya ndi ndalama za sukulu. Koleji ina ya ku Highland, m'chigawo cha Kansas, idamulembera kalata yomulandira, koma atafika akuluakulu a pamalopo adamubweza ataona khungu lake.

George sadataye mtima. M'chaka cha 1890 adalowa Simpson College ku Iowa, kumene ankaphunzira kujambula zithunzi. Mphunzitsi wake, Etta Budd, ataona m'mene ankakondera zomera, adamulangiza kuti akaphunzire zaulimi pa koleji ya boma ku Ames. Adapita kumeneko mu 1891, nakhala wophunzira wakuda woyamba pa kolejiyo. Adatsiriza maphunziro ake apamwamba mu 1896.

Chaka chomwecho Carver adayenera kusankha njira ya moyo wake. Ku Ames adali atapatsidwa kale ntchito, ndipo adali ndi zipangizo zabwino ndiponso ulemu. Koma kudafika kalata yochokera kwa Booker T. Washington, mkulu wa sukulu ya anthu akuda ya Tuskegee, m'chigawo cha Alabama. Kalatayo idamupempha kuti akatsogolere maphunziro a zaulimi. Tuskegee idali sukulu yosauka. Alimi oizungulira adali anthu omasulidwa kuukapolo ndi ana awo, ndipo ambiri ankalima thonje m'minda ya eni, ngongole zili pakhosi chaka ndi chaka. Carver adavomera. Cholinga cha ntchito yake chidali chimodzi: kuthandiza mlimi wosaukitsitsa kuti athe kudyetsa banja lake.

Atafika adapeza kuti zida zophunzitsira n'zosowa. Sadakhale pansi kudandaula. Adatenga ophunzira ake nakatola mabotolo, zitini ndi miphika yakale m'madzala, ndipo adapanga nazo zida zoyesera nthaka ndi mbewu.

Nthaka ya m'deralo idali yoguga chifukwa cholimidwa thonje lokhalokha. Carver adadziwa kuti kuuza mmphawi kuti agule feteleza n'kungomuseka. Tsono adaphunzitsa njira zosalira ndalama. Adaonetsa alimi kapangidwe ka manyowa a masamba, ndowe ndi matope a m'dambo. Adawaphunzitsanso kasinthasintha wa mbewu: pamene palimidwa thonje chaka chino, chaka chamawa pabzalidwe mtedza, khobwe kapena soya. Mbewu zimenezi zili ndi timatuza kumizu. M'timatuzamo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timatenga chakudya cha zomera mumpweya ndi kuchisiya m'nthaka. Adalimbikitsanso kulima mbatata kuti mabanja asagone ndi njala.

Alimi ambiri sakadatha kusiya minda yawo ndi kubwera kusukulu. Choncho Carver adakonza ngolo yonyamula mbewu ndi zida zaulimi, ndipo mu 1906 alangizi adayamba kuyenda nayo m'midzi. Motero sukulu ndiyo idapita kwa alimi. Adalembanso timabuku 44 ta malangizo m'mawu osavuta kumva. Kamodzi mwa timabukuto, kamene kadatuluka mu 1916, kadafotokoza kalimidwe ka mtedza ndi njira 105 zoukonzera kuti ukhale chakudya.

M'chaka cha 1921 Carver adapita ku Washington kukayankhulira alimi a mtedza pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo. Adamupatsa mphindi 10 zokha, koma zimene ankaonetsa zidawasangalatsa kwambiri, nawonjezera nthawi kangapo. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake lidamveka m'dziko lonse.

Si zonse zidayenda monga iye ankafunira. Zambiri mwa zinthu zimene adayesa kupanga ndi mtedza sizidafike pamsika, ndipo tsankho ndi umphawi sizidathe iye ali moyo. Komabe sadasiye cholinga chake. Kutchuka sikudamusinthe. Ankavala jekete lakale, atasomekapo duwa, ndipo adakhalabe ku Tuskegee. Mu 1940 adapereka ndalama zimene adasunga kuti ntchito yofufuza zaulimi ipitirire pa sukuluyo. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika.

Carver adamwalira pa 5 Januwale 1943, atagwira ntchito ku Tuskegee zaka zoposa 46. Manda ake ali pafupi ndi a Booker T. Washington. Inunso tsiku lina mudzayamba ntchito. Musadzangofunsa za malipiro okha. Mudzadzifunsenso kuti ntchito yanuyo idzathandiza yani.

Mafunso

1. Kodi n'chifukwa chiyani anansi ankatcha George sing'anga wa zomera?
2. Nanga n'chiyani chidamuchitikira ku Highland?
3. Kodi cholinga cha Carver popita ku Tuskegee chidali chotani?
4. Fotokozani m'mene mtedza ndi khobwe zimathandizira nthaka yoguga.
5. Tchulani ntchito imene mufuna kudzagwira, ndi anthu amene idzawathandize.