Papa Gregory VII Woyera, Mtetezi wa Ufulu wa Mpingo

Pa 25 Meyi Mpingo umakumbukira Papa Gregory VII Woyera. Dzina lawo lobadwa nalo linali Hildebrand, ndipo anabadwira ku Tuscany m'dziko la Italy. Atatumikira apapa angapo ngati mlangizi, anasankhidwa kukhala Papa pa 22 Epulo 1073.

Masiku amenewo dayosizi inali ndi minda komanso chuma chambiri. Episkopi akamwalira, mfumu ndiyo inkasankha womlowa m'malo, n'kumupatsa mphete ndi ndodo ya ubusa. Ena ankachita kugula udindowu ndi ndalama. Nkhosa za Ambuye zinkagwa m'manja mwa abusa omvera mfumu kuposa Mulungu.

Papa Gregory analetsa mchitidwe umenewu. Mu 1075 Mfumu Henry IV ya ku Germany inaika munthu wake kukhala Arkiepiskopi wa ku Milan. Papa ataidzudzula, mu Januwale 1076 mfumuyo inasonkhanitsa maepiskopi ku Worms, ndipo iwo anakana kumveranso Papa. Pamenepo Papa anachotsa Henry mu Mpingo ndi kumasula anthu ake ku malumbiro awo omumvera. Poona kuti ufumu ukupulumuka, Henry anawoloka mapiri a Alps nyengo yozizira kwambiri. Mu Januwale 1077 anaima masiku atatu pachipata cha linga la Canossa atavala chiguduli cha wolapa. Papa, monga wansembe, anamukhululukira.

Mtenderewo sunakhalitse. Mu 1080 Henry anachotsedwanso mu Mpingo, ndipo anadziikira papa wake, Clement III. Mu 1084 analanda mzinda wa Roma. Asilikali a Robert Guiscard anapulumutsa Papa, koma anafunkha mzindawo, anthu n'kukwiya. Papa Gregory anachoka nawo asilikaliwo, ndipo anamwalira ku Salerno pa 25 Meyi 1085, kutali ndi mpando wawo.

Chimene anavutikira chinabala zipatso iwo atapita. Pa mgwirizano wa ku Worms mu 1122, Mfumu Henry V inasiya kupereka mphete ndi ndodo, n'kuvomera kuti Mpingo uzisankha wokha abusa ake. Lero lamulo la Mpingo nambala 377 limati Papa ndiye amasankha maepiskopi mwaufulu, kapena kutsimikiza osankhidwa movomerezeka.

Tiyeni sabata ino tipempherere madayosizi omwe akudikira episkopi, kuti alandire abusa oopa Mulungu. Gregory Woyera, mutipempherere.