Masauko Chipembere: maloto a m'badwo amene adaima padoko la Liwonde

Masiku ano si chachilendo kuona mnyamata wa tsitsi lofika m'mapewa akuimba gitala pamchenga wa ku Cape Maclear, kapena atsikana ovala mabuluku akuvina pagombe la Nkopola. Achikulire ena akamva nyimbo za Jimi Hendrix kapena The Beatles amayamba kusimba za zaka za m'ma 1960 ndi 1970, nthawi ya zimbale za galamafoni, mabuluku otambalala kumapazi ndi nsapato zazitali zidendene, pamene achinyamata a m'maiko ambiri ankakhulupirira kuti dziko lapansi alikonza ndi manja awo. Achinyamata a dziko lino nawonso adali ndi chikhulupiriro chomwecho, ngakhale chida chawo sichidali gitala. Ku Mangochi, munthu amene adasenza chikhulupirirocho ndi malemu Henry Masauko Chipembere, amene adamwalirira kutali ndi nyanja yawo mu 1975, ali ndi zaka 45 zokha.

A Chipembere adabadwa pa 5 Ogasiti 1930 ku Kayoyo, dera limene lero lili m'boma la Ntchisi. Bambo awo, a Habil Matthew Chipembere, adali mphunzitsi wa mpingo wa Anglican amene pambuyo pake adadzozedwa unsembe. Mayi awo adavutika kwambiri ndi pakati, n'chifukwa chake mwanayo atabadwa adamutcha Masauko, dzina limene lidamutsata moyo wake wonse. Ngakhale adabadwira kumtunda, mudzi umene a Chipembere ankautcha kwawo ndi Malindi, kugombe la kum'mawa kwa nyanja, pakati pa Anyanja ndi Ayao, Akhristu ndi Asilamu, asodzi a chambo ndi alimi a m'munsi mwa mapiri.

Kusukulu adali a mutu wakuthwa. Atachoka ku Blantyre Secondary School adapita ku Goromonzi, ku Southern Rhodesia, kenaka ku koleji ya Fort Hare ku South Africa, kumene kudadutsanso a Nelson Mandela ndi a Robert Mugabe. Kumeneko adaona ndi maso awo tsankho la azungu litasanduka lamulo la dziko. Pobwerera kumudzi adali mmodzi mwa eni dziko owerengeka amene adali ndi digiri. Boma la atsamunda lidawalemba ntchito yothandizira a DC, ndipo amodzi mwa malo amene adagwirako ndi Fort Johnston, dzina la Mangochi masiku amenewo. Ntchitoyo sadakhalitse nayo.

Chidawatulutsa mu ofesi ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene adachikhazikitsa mu 1953 eni dziko akukana. Mu Malichi 1956, ali ndi zaka 25, a Chipembere adasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ku Zomba pamodzi ndi a Kanyama Chiume ndi Amalawi ena atatu. Anyamata awiriwa adasokoneza bata la nyumbayo. Ankafunsa mafunso osapsatira ndi kudzudzula Chitaganya pamaso pa azungu amene adazolowera kumvera okha mawu awo. Aphunzitsi ndi makalaliki ankalimbirana mabuku olembamo zokambirana za m'nyumbayo kuti amve zimene anyamatawo anena, ndipo ambiri adazindikira kuti mzungu angathe kuyankhidwa.

Komabe anyamatawa ankadziwa pamene padali kufooka kwawo. Pabwalo pakakhala mafumu ndi akuluakulu, mawu a mwana sapita patali. Adafuna munthu waimvi, wophunzira mofanana ndi azungu, woti fuko lonse limumvere. Maso awo adagwa pa Dr Hastings Kamuzu Banda, dokotala amene adakhala kunja zaka zoposa 40. A Chipembere adali patsogolo polemba makalata owapempha kuti abwere, ndipo sadabise kuti adzawakweza ngati mpulumutsi, poti ankakhulupirira kuti nkhondo ya ufulu siyenda popanda ngwazi yoti anthu aziitamanda. Pa 6 Julayi 1958 Dr Banda adatera pa Chileka. Mwezi wotsatira, pamsonkhano wa ku Nkhata Bay, adawasankha kutsogolera Nyasaland African Congress ndi kuwapatsa mphamvu yodzisankhira okha akuluakulu a chipani. A Chipembere adakhala msungichuma wamkulu, a Dunduzu Chisiza mlembi wamkulu. Mphamvu imene anyamatawa adaipereka ndi manja awiri sadathenso kuilanda.

Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda lidayamba kugwira atsogoleri a Congress. A Chipembere adatsekeredwa ku Gwelo pamodzi ndi Dr Banda ndi pachibale awiri, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza, ndipo m'ndendemo ankakambirana za dziko limene adzamange. Dr Banda adatuluka mu Epulo 1960, a Chipembere mu Sepitembala. Patangopita miyezi yochepa adamangidwanso chifukwa cha mawu amene adalankhula pamsonkhano wa ku Rumphi, nalamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu. Adatuluka ku ndende ya Zomba mu Januwale 1963. Mbiri yoona siyenera kubisa kuti lilime lawo lidali lamoto. Adalibe chifundo ndi Amalawi amene ankaganiza mosiyana ndi chipani, ndipo mzimu wosalola otsutsa, umene udadzawaluma eni ake, nawonso adathandiza kuulera.

Atatuluka adapatsidwa unduna wa maboma ang'onoang'ono, kenaka wa zamaphunziro. Pa 6 Julayi 1964 mbendera ya Malawi idakwera, koma chikondwerero sichidathe miyezi iwiri. Nduna zidadandaula kuti Dr Banda akugamula zonse okha ndipo akuzitcha anyamata awo pagulu. Zidakana ndalama ya tiki imene odwala ankayenera kulipira m'zipatala za boma, zidakana lipoti la Skinner limene lidakhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma, zidafuna kuti Amalawi atenge msanga mipando ya azungu, ndipo zidanyansidwa ndi ubwenzi wa Dr Banda ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Pa 7 Sepitembala Dr Banda adachotsa a Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Chipembere adali kumsonkhano ku Canada. Atangofika adatula pansi udindo, naima m'nyumba ya malamulo kumbali ya anzawo. Akadatha kukhala chete ndi kusunga galimoto ya unduna, koma sadatero.

Nduna zina zidathawira kunja kwa dziko, koma iwo adabwerera ku Malindi. Boma litawaletsa kuyenda kutali ndi nyumba yawo, adalowa m'mapiri a kum'mawa kwa nyanja, kumene anyamata a m'midzi adawatsatira. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965, amuna pafupifupi 200 adalowa m'tauni ya Fort Johnston, nalanda mfuti za apolisi, nakwera magalimoto kulunjika ku Zomba, likulu la dziko panthawiyo. Chiyembekezo chawo chidali chakuti asilikali ndi ogwira ntchito m'boma adzawalandira. Atafika pa Liwonde adapeza pantoni yowolotsa magalimoto pamtsinje wa Shire ili kutsidya lina. Usiku udatha, asilikali a boma adafika, ndipo gululo lidabwerera m'mapiri litabalalika. Ulendo wa m'badwo wonse udaima padoko limenelo.

Amene adalipira mtengo wowawa adali anthu a m'midzi ya Mangochi. Asilikali ndi apayoniya adasakaza midzi imene ankaiganizira kuti ikubisa zigawenga, nyumba zidatenthedwa, ndipo anthu ochuluka adatengedwa kupita ku ndende ya Dzaleka ku Dowa popanda kuzengedwa mlandu. Dzina la mudzi wa Moto limatchulidwabe mpaka lero pofotokoza nkhanza za nthawiyo. A Medson Silombela, amene adapitiriza kumenya nkhondo m'tchire, adagwidwa ndi kunyongedwa ku Zomba kumayambiriro kwa 1966. Komabe m'miyezi yonse imene a Chipembere adabisala, boma litalonjeza mphotho kwa aliyense wowaulula, anthu a kwawo sadawapereke. Matenda a shuga atawafooketsa, adatuluka m'dziko mwachinsinsi mu Epulo 1965 mothandizidwa ndi akuluakulu a dziko la America. Sadapondenso dothi la Malawi.

Motero mwana wa ku Malindi adapezeka ku California, kumene achinyamata a dziko lina ankayamba kuukira kwawo. Chaka chomwe adafikacho, mu Ogasiti, anthu akuda a dera la Watts ku Los Angeles adawukira nkhanza za apolisi, mzinda n'kuyaka moto. Mu 1966 a Chipembere adasamukira ku Dar es Salaam, kumene adaphunzitsa pa koleji ya Kivukoni ndi kuyambitsa chipani cha Panafrican Democratic Party. Kumeneko adalandira uthenga wakuti a Yatuta Chisiza aphedwa mu Okutobala 1967 atalowa m'dziko ndi kagulu ka zida cha ku Mwanza. Mu 1969, chaka cha chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock, adabwerera ku Los Angeles ndi kuyamba kuphunzitsa pa California State University. M'makoleji a kumeneko munkadzaza ophunzira a tsitsi lalitali ndi mikanda m'khosi, oguba m'misewu kukana nkhondo ya ku Vietnam ndi kuimba za mtendere ndi chikondi. Ambiri mwa iwo ankati akatopa ndi kuukirako ankabwerera kwa makolo awo. Mphunzitsi wawoyu adalibe kobwerera.

Kumudzi chitseko chinkatsekeka tsiku ndi tsiku. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Banda adakhala pulezidenti wamuyaya. Boma limene lidathana ndi anyamata a mfuti lidayamba kuopa ngakhale tsitsi ndi nsalu. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi oonetsa maondo. Amuna adaletsedwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo otchedwa mahipi, amene ankadutsa muno ndi zikwama kumsana pofuna kukaona nyanja, ankametedwa pachipata cholowera m'dziko kapena kubwezedwa. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa poti inkatchula dzina lofanana ndi la mayi Cecilia Kadzamira. Dzina la Chipembere lenilenilo lidasanduka mlandu, moti ku Mangochi anthu ankalinong'ona atayang'ana kaye kumbuyo.

A Chipembere adamwalira ku Los Angeles pa 24 Sepitembala 1975 atavutika nthawi yaitali ndi matenda a shuga. Adasiya mkazi wawo, mayi Catherine, ndi ana asanu ndi awiri, komanso mbiri ya moyo wawo imene adaisiya isadathe kulembedwa ndipo idasindikizidwa patapita zaka zoposa 25. Pamene ankatsikira kulichete, nyengo ya mahipi nayonso idali itazilala. Jimi Hendrix ndi Janis Joplin adamwalira mu 1970, chaka chomwe gulu la The Beatles lidatha, ndipo nkhondo ya ku Vietnam idatha mu Epulo 1975. Achinyamata a ku America adameta tsitsi ndi kukafuna ntchito. Anzawo a ku Malawi, amene adalowa m'boma asadafike zaka 40, ena adali m'manda, ena m'ndende, ena m'maiko a eni.

Zinthu zidatembenuka pa 14 Juni 1993, Amalawi atavotera ndale za zipani zambiri. Chaka chomwecho lamulo la kavalidwe lidathetsedwa. Mayi Catherine Chipembere adabwerera kumudzi, ndipo mu 1994 anthu a kum'mawa kwa Mangochi adawasankha kukhala phungu wawo, ngati akulipira ngongole imene adaisunga mumtima zaka pafupifupi 30. Msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe udapatsidwa dzina la Masauko Chipembere. Mwana wawo wobadwira ku Los Angeles, amenenso dzina lake ndi Masauko, adasankha gitala, ndipo adatchuka ku South Africa ndi gulu la Blk Sonshine limene adayambitsa ndi Neo Muyanga.

Zambiri zimene achikulire amazilakalaka za nyengo ija zidabwerera mosavuta. Nyimbo za Hendrix zili pafoni ya aliyense wozifuna, mabuluku otambalala amapezeka pakaunjika, ndipo palibe wapolisi amene amayenda ndi lumo pagombe la Nkopola. Zimene a Chipembere ndi anzawo adatayira unduna ndizo zikufunsidwabe: kuti wodwala wosauka apeze mankhwala osayamba wapapasa m'thumba, kuti mtsogoleri azimva malangizo, ndi kuti wonena zosiyana asatengedwe ngati mdani. Moyo wawo ukuchenjezanso achinyamata a lero amene akufunafuna mpulumutsi woti amuimbire nyimbo, pakuti a Chipembere adamupeza wawo, namukweza okha, namwalirira kunja chifukwa cha iye. Pa Liwonde pali mlatho tsopano, ndipo minibasi zochokera ku Mangochi zimawoloka Shire m'kamphindi, okwera ambiri osadziwa kuti pamalo omwewo amuna a kwawo adaima usiku wina akuyang'ana pantoni kutsidya.