Ubwana ndi Chiyambi cha Kuyimba kwa Daniel Kachamba

Daniel James Kachamba anabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947, koma kwawo kwenikweni ndi m'mudzi wa Singano, kufupi ndi Chileka m'boma la Blantyre. Iye akadali mwana, m'zaka za m'ma 1950, banja lawo linasamukira ku Salisbury, mzinda umene lero ukutchedwa Harare. Imeneyi inali nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene mabanja ambiri a kuno ankapita ku Halale kukafuna ntchito.

Kumeneko n'kumene mnyamatayu anakumana ndi nyimbo za kwela zochokera ku Johannesburg, zimene anatchuka nazo anthu monga Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso. Dzina la nyimbozi si lachilendo kwa ife: mawu a Chizulu akuti khwela ndi m'bale wake wa mawu athu akuti kwera. Kwela inkakomera ana a anthu osauka chifukwa siinkalira zida zodula. Chitoliro chachitsulo, gitala, chisekese ndi babatoni, besi ya chingwe chimodzi yokhoma pa bokosi, zinali zokwanira.

Banjali litabwerera kumudzi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, Daniel anayambitsa gulu limodzi ndi mng'ono wake Donald, amene ankaliza chitoliro. Ankayimba m'misewu ya ku Blantyre ndi m'malo omwera mowa, anthu n'kumawaponyera timakobiri. Masiku amenewo woyimba wam'misewu sankawerengedwa ngati munthu wantchito, ndipo n'zosavuta kuona kuti luso lotere likanatha kuzilala popanda wolijambula.

Ena amaganiza kuti Daniel ankangotengera za ku Joni. Ine ndikuona kuti maganizo amenewa ndi olakwika. Iye ankachotsa chingwe chimodzi pa gitala n'kutsala ndi zisanu, ankachuna zingwezo m'njira zakezake, ndipo gitala imodziyo inkamveka ngati akuyimba anthu angapo. Mawu a nyimbo zake zambiri anali a Chichewa, okamba za moyo wa anthu wamba.

Mu 1967, katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana ndi anyamatawa ku Blantyre ndipo anawajambula mawu ndi kanema. Daniel anali ndi zaka pafupifupi 20. Ubale umenewu ndi umene unawatsegulira njira yokayimba ku Ulaya, ndipo mu 1974 Kubik anatulutsa buku lotchedwa The Kachamba Brothers' Band. Daniel anamwalira mu 1987, ndipo Donald anapitiriza kuyimba kwela mpaka imfa yake mu 2001.