John Bunyan, Wokonza Mapoto Amene Anaona ndi Maso a Mumtima

John Bunyan anabadwa m'chaka cha 1628 m'mudzi wa Elstow, pafupi ndi Bedford ku Mangalande. Atate ake anali mmisiri wokonza mapoto ndi maketulo, ndipo iyenso anaphunzira ntchito yomweyo. Kusukulu sanapite patali, koma anadziwa kuwerenga ndi kulemba.

Kuyambira ali mwana, Bunyan anali ndi mutu wojambula zithunzi. Chimene waganiza ankachiona ngati chili pamaso pake. Poyamba mphatso imeneyi inamsautsa kwambiri. Usiku ankalota ziwanda zikudza kudzamtenga. Atakula anakonda kuliza mabelu a m'tchalitchi, koma atayamba kuganiza kuti kutero ndi tchimo, ankaona m'maganizo belu likuthothoka kumgwera. Anakaima pakhomo, koma pomweponso anayamba kuopa kuti nsanja yonse imgwera, mpaka anathawa.

Tsiku lina ali pa ntchito yake ku Bedford anamva amayi osauka atakhala pakhomo kuothera dzuwa, akukambirana za kubadwa mwatsopano. Chimwemwe chawo chinamlasa mtima. Pambuyo pake anawaona m'maganizo ali kuphiri kumene kukuwala dzuwa, iye akunjenjemera ndi chisanu, ndipo pakati pawo panali linga lokhala ndi kampata kopapatiza. Chithunzi chimenechi chinamkoka kufunafuna Khristu. Atavutika mumtima zaka zingapo anapeza mtendere, nalowa mumpingo wa mbusa John Gifford, nayamba kulalika.

Mu 1660 anamangidwa chifukwa cholalika wopanda chilolezo. Akadalonjeza kuleka akadamasulidwa, koma anakana, nakhala m'ndende kufikira 1672. Chimene chinamuwawa koposa ndi mwana wake Mary amene anali wosaona. Ankamuona m'maganizo akupemphetsa, akumva njala ndi chisanu. Kuti banja lidye, ankakonza zingwe za nsapato zogulitsa.

M'ndende momwemo anayamba kulemba buku lotchedwa The Pilgrim's Progress, lonena za ulendo wa Mkhristu, limene linasindikizidwa mu 1678. Analilemba ngati loto. Munthu wosenza katundu wolemera kumsana athawa m'mudzi woyembekeza chionongeko. Atitimira m'thope la kutaya mtima, alowa pa chipata chopapatiza, ndipo pofika pa mtanda katunduyo amasuka yekha, nagubuduzika kulowa m'manda. Patsogolo chimphona chimtsekera m'ndende, koma atuluka atakumbukira kuti ali ndi kiyi wa lonjezo pachifuwa. Zonsezi ndi mantha ndi chipulumutso zimene Bunyan anadutsamo yekha.

Anzake ena a mumpingo anamuletsa kulisindikiza, poona kuti nkhani yopeka siyenera pa zinthu zopatulika. Iye anawakumbutsa kuti aneneri ndi Ambuye Yesu amene anaphunzitsa m'mafanizo. Pa tsamba loyamba anaikapo Hoseya 12:10, ndipo m'mbali mwa masamba analemba mavesi osonyeza kumene mafanizo ake achokera. Bukuli lamasuliridwa m'zinenero zoposa 200, zambiri mwa izo za mu Afirika muno.

Mu 1688 anapita pa kavalo ku Reading kukayanjanitsa bambo ndi mwana wake. Pobwerera mvula inamvumbwa, nadwala, namwalira ku London pa 31 Ogasiti.

Aphunzitsi anzanga, mutu umene unamuonetsa Bunyan ziwanda ndi womwewo umene unamuonetsa mtanda. Mulungu sanaichotse mphatsoyo, koma anaiweta ndi Mau ake. Ana a m'kalasi mwanu nawonso amajambula zithunzi m'mitima. Tikapanda kuwapatsa zithunzi za chisomo, adzatsala ndi za mfiti ndi mizukwa zokha, ndipo adzakula akumuopa Mulungu monga aopera mdima.

Chifukwa chake pokonzekera phunziro, yambani mwaiona nkhaniyo inu eni. Mbusa uja anapita kuti pofuna nkhosa yotayika? Dzuwa linali pati? Atate aja anathamanga bwanji pochingamira mwana wolowerera? Kenaka fotokozani kuti ana aone. Koma chitani monga Bunyan: chithunzi chilichonse chikhale ndi vesi lake, ndipo muwauze ana poyera zimene zalembedwa m'Buku Lopatulika ndi zimene mwangoyerekeza. Mwana wokonda kulota masana musamkalipire msanga. Mufunseni chimene akuona, ndipo mumsonyeze njira ya ku mtanda.