John Gilmary Shea, loya amene adasanduka wolemba mbiri ya Mpingo

Sabata ino m'danga lathu la mbiri tikukumbukira munthu amene sadali wansembe kapena woyera wa pa kalendala ya Mpingo. Adali mkhristu wamba wa ku America, bambo wapabanja, amene adasiya ntchito ya uloya n'kuthera moyo wake wonse akufufuza mapepala akale.

A Shea adabadwa pa 22 Julayi 1824 mumzinda wa New York. Bambo awo, mphunzitsi, adachokera ku Ireland. Ali mnyamata adagwira ntchito ya ukalaliki kwa wamalonda wina wa ku Spain, ndipo kumeneko adaphunzira Chisipanishi, osadziwa kuti chidzawatsekulira makalata a amishoni akale. Kenaka adaphunzira zamalamulo, ndipo mu 1846 adaloledwa kuimira anthu pa milandu.

Koma mtima wao sudali ku khoti. Mu 1848 adalowa m'chipani cha Ajezuiti, ndipo m'pamene adatenga dzina loti Gilmary, lotanthauza mtumiki wa Maria. Adakhalamo zaka zinayi zokha. Adatuluka mu 1852 asadalandire unsembe, ndipo patapita zaka ziwiri adamanga banja ndi mayi Sophie Savage. Ena angati zaka zimenezo zidapita pachabe, koma ayi ndithu. Ali ku Montreal, m'dziko la Canada, adakumana ndi Bambo Félix Martin, amene ankasunga zolemba za Ajezuiti oyamba a m'chigawocho.

Nkhani ya zolemba zimenezi njofunika kuimvetsa. Chipani cha Ajezuiti chidathetsedwa mu 1773, ndipo ku Canada ansembe ake adatha mmodzimmodzi. Wotsiriza, Bambo Casot, adamwalira mu 1800, atasiya mapepala ena m'manja mwa asisitere a pachipatala cha Hôtel-Dieu ku Quebec. Amayi aja adawasunga zaka zoposa 40, osadziwa ngati eni ake adzabweranso, mpaka adawapereka kwa Bambo Martin mu 1844, chipani chitabwerera. Pakati pa mapepalawo padali nkhani ya ulendo wa Bambo Jacques Marquette, amene mu 1673 adatsika pabwato mtsinje wa Mississippi pamodzi ndi Louis Jolliet, komanso mapu amene wansembeyo adajambula ndi dzanja lake. A Shea adamasulira zolembazi m'Chingerezi nazisindikiza mu 1852 m'buku lotchedwa Discovery and Exploration of the Mississippi Valley. Posakhalitsa lidatsatira buku lina, lofotokoza za mamishoni a Katolika pakati pa mitundu ya eni nthaka a ku America kuyambira mu 1529.

Nthawi imeneyo sikudali kophweka kukhala Mkatolika ku America. Mu 1844 anthu achipolowe adatentha matchalitchi awiri ku Philadelphia, ndipo m'zaka za m'ma 1850 kudadzuka gulu landale lotchedwa Know Nothing, lomwe linkaona Akatolika ngati obwera osayenera kuwakhulupirira. A Shea adayankha monga loya, osati ndi ukali koma ndi umboni. Pa khoti suuza woweruza kuti ndidangomva. Umatulutsa kalata, tsiku ndi mboni. Mabuku ao adaonetsa kuti Misa idaperekedwa ku Florida, ku New Mexico ndi m'mbali mwa nyanja zikuluzikulu za kumpoto kalekale dziko la United States lisadakhazikitsidwe.

Ntchito yotere siidyetsa banja. Kwa zaka zambiri ankapeza chakudya polemba ndi kukonza nkhani m'magazini a Frank Leslie, mbiri n'kumaigwira pa nthawi yotsala. Komabe adasindikiza malipoti akale a Ajezuiti m'timabuku tomwe adatitcha dzina la Cramoisy, msindikizi wa ku Paris amene adatulutsa malipoti oyamba, kabuku kalikonse makope pafupifupi 100 okha. Adasindikizanso mabuku a galamala ndi otanthauzira mawu a zilankhulo za eni nthaka, monga Micmac ndi Onondaga, ambiri mwa iwo olembedwa ndi amishoni, omwe adangokhala m'mabokosi osawerengedwa. Kwa ine, imeneyi ndiyo ntchito yao yogwira mtima koposa, chifukwa zina mwa zilankhulozo zatsala ndi ozilankhula owerengeka. Pamwamba pa izo adamasulira kuchokera ku Chifalansa mbiri ya New France yolembedwa ndi Bambo Charlevoix, mabuku 6.

Ulemu udabwera mochedwa. Mu 1883 sukulu yaukachenjede ya Notre Dame idayamba kupereka mendulo ya Laetare, dzina lochokera ku Lamulungu lachinayi la nyengo ya Lenti, ndipo woyamba kuilandira adali a Shea. Atadutsa zaka 60 adatulutsa ntchito yao yaikulu, History of the Catholic Church in the United States. Buku loyamba lidatuluka mu 1886, lachiwiri, lonena za moyo wa Ambuye John Carroll, episkopi woyamba wa dzikolo, mu 1888. Tinene poyera kuti mabukuwa ngolemera kuwerenga. Amachulukitsa masiku, maina a maepiskopi ndi madayosizi, ndipo mkhristu wa pabenchi saoneka kwenikweni. Koma aliyense wolemba pambuyo pao amayambira pomwepo.

Buku lachinayi, lofikitsa nkhani mu 1866, adalimaliza akudwala. Adamwalira pa 22 Febuluwale 1892 ku Elizabeth, m'chigawo cha New Jersey, ali ndi zaka 67, ndipo zaka zotsatira 1866 sadafike pozilemba. Mabuku ao, makalata ndi zolemba zimene adakopera pamanja m'nyumba zosungira mbiri zikusungidwa pasukulu yaukachenjede ya Ajezuiti ya Georgetown ku Washington, kumene ofufuza amapita kukaziwerenga. Bungwe la American Catholic Historical Association limapereka chaka ndi chaka mphoto ya dzina lao kwa wolemba buku la mbiri ya Mpingo.