Mickey Mantle: munthu amene anamwa poyembekezela imfa

Kuno kwathu dzina la Mickey Mantle silimveka, pakuti baseball si masewela athu. Koma ku America uyu anali munthu wamkulu, cakuti mu 2022 kakhadi kamodzi cabe ka cithunzi cake ka mu 1952 kanagulidwa pa madola 12.6 miliyoni. Nkhani yake nakubweletselani cifukwa ca cinthu cimodzi. Mantle anali kukhulupilila kuti sadzapitilila zaka 40, monga atate ake, ndiye anayamba kumwa ngati munthu amene mawa kulibe. Mawa linabwelabe, ndipo linamupeza na ciwindi cakutha.

Anabadwa pa 20 October 1931 ku Spavinaw, m'cigawo ca Oklahoma, nakulila ku Commerce, katauni ka migodi ya mtovu na zinki, monga mmene Kabwe inalili kale. Atate ake, ba Elvin, amene onse anali kuwaitana kuti Mutt, anali kusewenza m'migodi imeneyo. Baseball anali kuikonda cakuti mwana anamupatsa dzina la wosewela wina wochuka, Mickey Cochrane.

Kwa amene simunaonepo masewelawa: wina aponya kampila kolimba, wina akamenya na ndodo n'kuthamanga kuzungulila makona anai. Akakamenya mpaka kutuluka kunja kwa mpanda, ndiye home run imeneyo. Ba Mutt akaweluka ku mgodi anali kuponyela mwana wao na dzanja lamanja, iye n'kumenya ataimilila mbali ya kumanzele. Ambuye ake, ba Charlie, anali kuponya na lamanzele, iye n'kusinthila mbali inayo. Wosewela wodziwa mbali zonse ziwili savuta na woponya aliyense, ndipo ba Mutt anali kufuna kuti lusoli likacotse mwana wao ku mgodi.

Ali ku sekondale anamenyedwa pa msongolo posewela mpila wa ku America, ndipo fupa linagwidwa matenda a osteomyelitis. Madokotala anaganizako zodula mwendo, koma penicillin, amene anali mankhwala atsopano nthawi imeneyo, anaupulumutsa. Mu 1949 munthu wofunafuna osewela, Tom Greenwade, anamusainitsa ku New York Yankees. Pofika 1951, ali na zaka 19, analowa mu timu yaikulu, napatsidwa nambala 6. Akuluakulu a timuyi, Babe Ruth, Lou Gehrig na Joe DiMaggio, anavala 3, 4 na 5, ndiye aliyense anamvetsa cimene Yankees inali kuyembekezela kwa mnyamata wa ku migodi uyu.

Katundu unalema. Anayamba kuphonya mpila, ndipo anamutsitsila ku timu yaing'ono ku Kansas City. Kumeneko anatumila atate ake foni kuti iye zamukanga. Ba Mutt anayendetsa motoka kucokela ku Oklahoma, nalowa m'cipinda ca hotela, n'kuyamba kulonga zovala za mwana wao m'sutikesi. Anamuuza kuti ngati ni wamantha, tiyeni ku mgodi akasewenze pamodzi. Mickey analila, napempha mwai wina. Patapita milungu yocepa anabwelela ku New York, manje atavala nambala 7.

October wa caka cimeneco, pa World Series, fainolo ya baseball ya ku America, anali kuthamangila mpila umene Willie Mays anamenya. Poima kuti apatse malo DiMaggio, nsapato inakodwa pa civundikilo ca paipi ya madzi, ndipo bondo lamanja linaonongeka. Popita ku cipatala anatsamila pa atate ake, koma atate n'kugwa pansi. Onse awili anagonekedwa, ndipo ba Mutt anapezeka na khansa ya Hodgkin. Anamwalila mu May 1952 ali na zaka 40. Abale ena a ba Mutt anafanso akali acinyamata. Anali anthu opuma fumbi la m'migodi, koma Mickey anangoona kuti ni za m'magazi, ndipo kuti wotsatila ni iye.

Ali na zaka 20, alibe atate, ndalama zili m'thumba, mzinda ni New York. Anzake a pa mowa anali Billy Martin na Whitey Ford, osewela a timu imodzimodzi. Mu May 1957 kunabuka ndeu pa kalabu ya usiku ya Copacabana pamene anali kukondwelela tsiku lobadwa la Martin. Osewela analipitsidwa faindi, ndipo mwezi wotsatila Martin anamutumiza ku timu ina. Mantle sanamucotse. Ungacotse bwanji munthu amene caka capita, mu 1956, anapambana onse mu ligi na ma home run 52?

Apa m'pamene pali msampha, mwandi. Timu cidakwa ca m'ngalande ingacithamangitse, koma uyu anali kubwela pa nchito na kupambana. Anasewela zaka 18, namenya ma home run 536. Katatu anasankhidwa kukhala wosewela wopambana mu ligi, mu 1956, 1957 na 1962. Anatenga World Series maulendo 7, ndipo ma home run ake 18 a mu fainoloyi palibe amene anawafikapo mpaka lelo. Zonsezi anacita miyendo itakulungidwa mabandeji tsiku lililonse. Nkhani zakuti anafika pa bwalo na matsile n'kumenyabe home run zinali zoseketsa m'mabala na pakati pa atolankhani. Anthu anali kuziona ngati umboni wa mphamvu zake.

Analengeza kuti waleka kusewela pa 1 March 1969, ndipo mu 1974 analowa mu Hall of Fame pamodzi na Whitey Ford. Ali wosewela, panali nthawi yofika pa bwalo na kochi womuyang'ana. Atapuma zonse izi zinatha. Nchito yake inakhala yokhala Mickey Mantle: kusaina makhadi, kusewela gofu, kupezeka pa maphwando, ndipo kulikonse kunali munthu wofuna kumugulilako kamodzi kuti akasimbe kunyumba. M'mawa anali kuyamba na brandy wosakaniza na Kahlúa na kilimu. Mu 1983 mkulu wa baseball, Bowie Kuhn, anamuletsa kugwila nchito iliyonse m'masewelawa cifukwa colembedwa pa kasino ya Claridge ku Atlantic City, ndipo ciletsoco cinacotsedwa mu 1985. Billy Martin anafa pa ngozi ya motoka pa Khisimasi ya 1989. Mantle anafika poiwala zimene wakamba dzulo, nayamba kugwidwa mantha adzidzidzi, koma botolo sanalisiye.

Kunyumba ndiye kunapsa kwambili. Anakwatila Merlyn Johnson mu December 1951, nabala ana aamuna anai: Mickey Jr., David, Billy na Danny. Anawo akukula, atate anali pa ulendo nthawi zambili. Atakula, malo amene anapezana na atate ao anali pa mowa, n'kukhala anzake a pa tebulo. Mkazi na ana onse analowa m'vuto la mowa kapena mankhwala osokoneza bongo. Ukwati unafika popatukana, olo kuti sanasudzulane. Ndipo amene anayamba kufuna thandizo anali mai na ana, atate n'kukhala otsalila.

Mu January 1994, dokotala atamucenjeza za ciwindi, ndiponso mnzake Pat Summerall, woulutsa masewela pa TV amene anali atalekako mowa, atamulimbikitsa, Mantle analowa ku Betty Ford Center ku California. Cimodzi mwa zimene anamupatsa kucita ni kulembela kalata atate ake amene anamwalila zaka zopitilila 40 kumbuyo. Anailemba akulila, kupepesa kuti sanafike pamene iwo anali kufuna. Atangotuluka, mu March, mwana wake Billy anamwalila na matenda a mtima ali na zaka 36. Billy ameneyu ndiye anadwalapo khansa ya Hodgkin imene atate ake anaiopa moyo wao wonse. Pa malilo otele munthu angabwelele ku botolo mosavuta, koma Mantle sanabwelele. Mwezi wotsatila anaulula zonse m'magazini ya Sports Illustrated.

Thupi lokha linali litapita kale. Mu 1995 madokotala anapeza ciwindi coonongeka na mowa, cili na hepatitis C, komanso khansa. Pa 8 June anamuika ciwindi cina pa cipatala ca Baylor ku Dallas, patangopita masiku awili dzina lake litalowa pa mndandanda. Anthu anadandaula kuti wadumpha mzele cifukwa ca kuchuka, madokotala n'kuyankha kuti anatsata malamulo ndipo iye anali wodwala kwambili. Mu July anaonekela kwa atolankhani ataonda. Anauza acinyamata kuti asamutengele, pakuti Mulungu anamupatsa zonse koma iye anaziseweletsa. Anapemphanso anthu kuti azilembetsa kupeleka ziwalo zao akamwalila. Khansa inali itafalikila kale, ndipo anamwalila pa 13 August 1995 ali na zaka 63.

Ali wamkulu anali kukonda kuseka kuti akanadziwa kuti adzakhala nthawi yaitali conco, akanadzisamala. Anthu anali kuseka naye. Manje imwe amene muwelenga izi mu basi, ganizilani wa kwanu uja amene pa nchito sajomba, lendi alipila, ndalama ya unga asiya, ndiye tonse tikamba kuti mowa wake ni wa ndalama zake. Mantle nayenso anali kulipila zonse, ndipo n'cifukwa cake anthu anacedwa kumuuza zoona. Anamwa zaka zopitilila 40. Zimene anakhala nazo ali bwinobwino, zokamba na ana ake maso ali oyela, zinali miyezi 19 cabe.