Ibn al-Haytham

Abu Ali al-Hasan ibn al-Haytham (anabadwa cha m'ma 965, anamwalira cha m'ma 1040) anali katswiri wa masamu, wa zakuthambo komanso wa sayansi ya kuwala. Ku Ulaya ankamutchula kuti Alhazen. Amadziwika kwambiri ndi buku lake la Chiarabu lotchedwa Kitab al-Manazir, momwe anasonyeza kuti munthu amaona chifukwa kuwala kumachoka pa chinthu n'kulowa m'diso. M'bukuli anafufuzanso mmene kuwala kumanjanjira pa kalilole ndi mmene kumapindikira polowa m'madzi kapena m'galasi.

Moyo wake

Anabadwira mumzinda wa Basra, m'dziko lomwe lero ndi Iraq. Atakula anasamukira ku Cairo ku Egypt, mu ulamuliro wa mfumu al-Hakim, yomwe inalamulira kuyambira 996 mpaka 1021. Malinga ndi al-Qifti, wolemba mbiri wa m'zaka za m'ma 1200, Ibn al-Haytham ananena kuti angathe kuwongolera kusefukira kwa mtsinje wa Nile. Mfumu inamupatsa ntchitoyo, koma atafika pafupi ndi Aswan anaona kuti siingatheke. Poopa mkwiyo wa mfumu anadzichititsa misala, ndipo anamutsekera m'nyumba mpaka ulamuliro wa al-Hakim utatha. Kenako anakhala pafupi ndi mzikiti wa al-Azhar, akupeza ndalama pokopera pamanja mabuku a Euclid ndi Ptolemy. Anamwalirira ku Cairo komweko.

Mmene diso limaonera

Euclid ndi Ptolemy ankaphunzitsa kuti diso limatulutsa cheza chomwe chimakakhudza chinthu. Ibn al-Haytham anatsutsa mfundoyi. Ananena kuti munthu akayang'ana dzuwa maso amapweteka, kusonyeza kuti china chake chimalowa m'diso kuchokera kunja. Anaikanso nyali zingapo kunja kwa chipinda chamdima chokhala ndi kabowo kamodzi. Nyali iliyonse inkaponya kadontho kake ka kuwala pakhoma la mkati, ndipo akaphimba nyali imodzi kadontho kake kokha ndi komwe kankazima. Izi zinatsimikiza kuti kuwala kumayenda mumzere wowongoka.

Kunjanja kwa kuwala

Kitab al-Manazir ili ndi magawo 7. Magawo 4, 5 ndi 6 akukamba za kunjanja kwa kuwala, komwe pa Chingerezi amati reflection. Agiriki ankadziwa kale kuti ngodya yomwe kuwala kumafikira pa kalilole imafanana ndi ngodya yomwe kumachokera. Iye anayesa lamuloli ndi chipangizo pa akalilole athyathyathya ndi opindika. Anatsindikanso kuti cheza chobwera, cheza chonjanja ndi mzere woima chilili pa kalilole zonse zitatu zimagona pamalo amodzi, ngati zojambulidwa papepala limodzi.

M'gawo 5 muli funso lomwe mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake. Pali kalilole wozungulira ngati mpira, nyali ndi diso, ndipo funso ndi lakuti kuwala kugunde pati pa kalilole kuti kunjanjire m'diso. Pa kalilole wathyathyathya yankho ndi losavuta, koma pa wozungulira ndi lovuta kwambiri. Iye analipeza pogwiritsa ntchito masamu a mizere yopindika.

Kupindika kwa kuwala

Gawo 7 likukamba za refraction, yomwe ndi kupindika kwa kuwala pochoka mumpweya kulowa m'madzi kapena m'galasi. Ndi chifukwa chake ndodo yomizidwa m'madzi imaoneka yothyoka, ndipo dziwe limaoneka losaya kuposa mmene lilili. Ibn al-Haytham anafotokoza kuti kuwala kumayenda pang'onopang'ono m'madzi ndi m'galasi kusiyana ndi mumpweya, ndipo polowamo kumapindikira ku mzere woima chilili. Lamulo lenileni lowerengera ngodyazo sanalipeze. Ibn Sahl wa ku Baghdad anali atalilemba cha m'ma 984, Willebrord Snellius wa ku Netherlands analipezanso mu 1621, ndipo René Descartes analisindikiza mu 1637.

Zomwe anasiya

Bukuli linamasuliridwa m'Chilatini cha m'ma 1200, ndipo Friedrich Risner analisindikiza ku Basel mu 1572. Roger Bacon, Witelo ndi Johannes Kepler anatengamo nzeru. Mu 1604 Kepler anakonza mfundo ina yomwe Ibn al-Haytham analakwitsa, posonyeza kuti chithunzi chimapangidwa kumbuyo kwa diso pa retina, osati pa lens.

Akatswiri a mbiri ya sayansi amamulemekeza chifukwa sankavomereza mfundo asanaiyese, ngakhale ikhale ya munthu wotchuka. Analemba buku lonse losonyeza zomwe ankakayikira m'zolemba za Ptolemy. Chigwa china cha pamwezi chimatchedwa Alhazen, ndipo bungwe la UNESCO linamukumbukira mu 2015, chaka chomwe chinaperekedwa ku nkhani za kuwala.

Ku Malawi malamulo a kunjanja ndi kupindika kwa kuwala amaphunzitsidwa m'phunziro la Physics kusekondale, ndipo amafunsidwa pa mayeso a MSCE okonzedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe likulu lake lili ku Zomba.